Ophunzira za Wayilesi Asamatsekere Wayilesi Kunja

Teremu iliyonse, m'makoleji ambiri ophunzitsa utolankhani, ophunzira a phunziro la zofalitsa nkhani ndi moyo wa anthu amapatsidwa ntchito zofanana ngati chimanga cha m'nkhokwe imodzi. Funso limati afotokoze maganizo a Jürgen Habermas pa za bwalo limene anthu amakambiranapo za dziko, kapena atambasule mfundo za Marshall McLuhan, natchule mabuku osachepera khumi, zonsezo m'Chingerezi. Wophunzira amagula bandulo, nachezera pa foni usiku wonse kutola ndime za anthu ena n'kuzisoka pamodzi. Nthawi yomweyo, kuseri kwa khoma, mayi ake ali tcheru kumvera Nkhani za m'Maboma. Mwanayo amakankha chitseko kuti wayilesi isamusokoneze pamene akulemba za wayilesi. Pakapita masabata awiri chimangirizo chimabwerera chochongedwa, malikisi ali abwino, ndipo onse amakhutira.

Mlandu pamenepa suli pa wophunzira. Uli pa amene anakonza funsolo, chifukwa ntchito imene mphunzitsi amapereka ndiyo imauza mwana chimene chili choyenera kuchilingalira ndi chimene chili phokoso chabe. Funso lililonse likamachokera kutsidya kwa nyanja, mwana amamva uthenga umodzi kwa zaka zinayi: zimene anthu a kwawo amamvera ndi kuwerenga sizilowa m'kalasi.

Sikuti Habermas ndi anzakewo alibe phindu. Koma nkofunika kukumbukira mmene anagwirira ntchito yawo. Buku la Habermas la mu 1962 linayang'ana nyumba zomweramo khofi za ku London ndi malo ochezera a ku Paris m'zaka za m'ma 1700. Maxwell McCombs ndi Donald Shaw, amene mayina awo sasowa pa mayeso, anafunsa anthu 100 a m'tauni ya Chapel Hill ku America pa chisankho cha 1968, nayerekeza mayankho awo ndi zimene nyuzipepala ndi kanema ankalengeza. Akatswiriwa anafufuza za anansi awo ndi za mbiri ya kwawo. Wophunzira wa ku Zomba kapena ku Chipata amauzidwa kuti aloweze zimene iwo anapeza, koma saphunzitsidwa kuchita chimene iwo anachita, ndicho kutuluka panja kukamvetsera anthu.

Chikhalirecho zofufuza zilipo zodzadza mtanga. Mu 1949 ku Lusaka kunafika kawayilesi kotchipa koyendera batire, kooneka ngati sefuliya, kamene anakatcha Saucepan Special. Nyumba youlutsira mawu ya Central African Broadcasting Station inkafikira anthu a ku Northern Rhodesia, Nyasaland ndi Southern Rhodesia m'zilankhulo zawo, Chinyanja chili pakati pa zimenezo, ndipo mawu a Alick Nkhata ankadziwika uku ndi uku kwa malire. Boma la atsamunda linkafuna wayilesiyo kuti izilankhulira boma, koma pa nthawi ya chitaganya cha 1953 omvera anaikayikira, mpaka kunamveka mphekesera zoti oulutsa mawu ena ndi anamapopa. Palibe phunziro loposa limeneli pa za mmene anthu amalandirira kapena kukanira uthenga wa olamulira. Komabe ophunzira ambiri amamaliza koleji asanalembepo ndime ngakhale imodzi za nkhaniyi.

N'chimodzimodzinso ndi kalata ya maepiskopi a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi a m'Malawi pa 8 Marichi 1992. Nthawi imeneyo wayilesi inali imodzi yokha, ya boma, kanema kunalibe, ndipo nyuzipepala zinali m'manja mwa olamulira. Kalatayo inasindikizidwa m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi. Boma linalengeza kuti ndi youkira, kupezeka nayo kunasanduka mlandu, ndipo malo osindikizira a ku Balaka kumene inatulukira anatenthedwa. Koma inayendabe, dzanja ndi dzanja, pakamwa ndi pakamwa, ndipo pa 14 Juni 1993 anthu anavotera ndale za zipani zambiri. Amene anaimva kalatayo ikuwerengedwa paguwa ambiri akali moyo. Wophunzira akhoza kukwera minibasi, kukhala nawo pakhonde, n'kuwafunsa mmene uthengawo unawafikira. Ntchito yotere ingamuphunzitse za bwalo la anthu zoposa zimene angatole m'chidule cha Habermas cha pa intaneti.

Chochititsa manyazi n'chakuti mlendo anaona kale zimenezi. Harri Englund, katswiri wa ku yunivesite ya Cambridge, anatulutsa buku lathunthu mu 2011 lofufuza pulogalamu ya Nkhani za m'Maboma ya pa MBC, naonetsa mmene nkhani za ufiti, za mafumu ndi za mabwana ankhanza zimapatsira anthu osauka njira yodzudzulira amphamvu. Mu 2018 anatulutsanso lina lonena za Gogo Breeze wa pa Breeze FM ku Chipata, muulutsi amene ankalandira madandaulo a alimi ndi antchito n'kuwatsatira ngati agogo a m'mudzi. Akulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo ntchito ya Englund ndi yotamandika. Koma zikutanthauza kuti pulogalamu imene mayi uja amamvera usiku imaloledwa kulowa m'chimangirizo cha mwana wake pokhapokha itayamba yadzera ku America, kumene mabuku awiriwa anasindikizidwa, n'kubwerako itavala Chingerezi.

Ntchito zoyenera sizovuta kuzikonza. Wophunzira amvere pulogalamu imodzi ya Chichewa masiku asanu ndi awiri, nalembe amene akulankhula, amene akunenedwa ndi amene sakupatsidwa mpata. Wina atenge nkhani imodzi, monga kutsitsidwa mphamvu kwa kwacha ya Malawi ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nayerekeze mmene inafotokozedwera m'Chingerezi ndi m'Chichewa, aone chimene chinatayika panjira. Wina aike masamba a Tamvani kapena Tikambe pambali pa masamba a Chingerezi a nyuzipepala yomweyo, nafunse chifukwa chake nkhani zina zimapatsidwa owerenga Chichewa pamene zina zimasungidwira owerenga Chingerezi. Wina apite ku Phalombe, ku Mulanje kapena ku Chilobwe akafunse mmene chenjezo la namondwe wa Freddy linafikira anthu mu Marichi 2023, mawu amene anagwiritsidwa ntchito, ndi ngati anthu anamva kuti ayenera kuchoka. Wina alondole uthenga wa mawu wa pa WhatsApp kuchokera kwa wachibale wa ku Johannesburg mpaka kumudzi, aone mmene ukusinthira pamene ukudutsa m'mafoni. Amene ali pafupi ndi malire, ku Mchinji, ku Chipata, ku Dedza kapena ku Angónia, afunse mabanja wayilesi imene amakhulupirira ndi chifukwa chake, pakuti mafunde a wayilesi sadindidwa pasipoti. Ndipo mwa ntchito zimenezi, ina ilembedwe m'chilankhulo cha anthu amene afunsidwawo.

Otsutsa amayamba ndi mfundo yakuti Chingerezi ndicho chimapezetsa ntchito. Mfundoyi ili ndi choonadi chake, ndipo palibe akunena kuti Chingerezi chichotsedwe. Koma ntchito zambiri za utolankhani m'chigawo chino zili m'zilankhulo za anthu. Zodiak, imene inayamba mu 2005, inakula polankhula ndi anthu akumudzi. Mawayilesi a m'madera, monga Dzimwe ku Monkey Bay, sakhalira Chingerezi. ZNBC imaulutsa m'Chinyanja, ndipo Rádio Moçambique imatero ku Tete ndi ku Niassa. Womaliza maphunziro akalowa m'situdiyo asanalembepo tsamba limodzi la Chichewa chiyambire sekondale, amamasulira liwu ndi liwu, natulutsa chilankhulo chimene mawu ake ndi a Chichewa koma mafupa ake ndi a Chingerezi. Agogo amamva liwu lililonse, koma nkhaniyo osaitola. Koleji imene inamupatsa digiri ili ndi gawo pa kusamvana kumeneku.

Mfundo yachiwiri imati Chichewa chilibe mawu ofotokozera maphunziro akuya. Chilankhulo chimene chimaweruza milandu ya malo pabwalo la mfumu, chodziwa kusiyanitsa mphekesera, miseche, umboni ndi chigamulo, sichingalephere kukamba za nyuzipepala. Mawu amabadwa pamene anthu akakamizika kuwafuna. Mawu akuti ufulu wachibadwidwe anakhazikika pamene ndale zinasintha, ndipo akuti masamba a mchezo anadza ndi intaneti. Anawafalitsa ndi oulutsa mawu amene analibe nthawi yodikira komiti. Ngati makoleji safunsa ophunzira kuti alingalire m'Chichewa, mawuwo sadzapezeka, ndipo kusowa kwawo kudzakhalanso chifukwa chokanira chaka chamawa.

Mfundo yachitatu ndiyo yolemera, ndipo iyenera kuyankhidwa mwaulemu. Mu 1968 msonkhano wa Malawi Congress Party unakweza Chichewa kukhala chilankhulo cha fuko, Chitumbuka chinachotsedwa pa wayilesi, ndipo sichinabwerere mpaka ulamuliro utasintha mu 1994. Chilonda chimenecho sichinapole, ndipo wolankhula Chichewa amene amachinyalanyaza amadziwonongera yekha mlandu. Choncho chopemphedwa pano si chakuti aliyense alembe Chichewa. Wa ku Mzuzu afufuze ndi kulemba m'Chitumbuka, wa ku Mangochi m'Chiyao, wa ku Kasama m'Chibemba, wa ku Tete m'Chinyungwe. Ndipotu chigamulo cha 1968 pachokha ndi mutu wabwino wa chimangirizo: chimachitika n'chiyani kwa anthu pamene wayilesi ya dziko lawo yasiya kulankhula chilankhulo chawo?

Aphunzitsi nawonso ali ndi dandaulo lawo, lakuti ophunzira masiku ano amangokopera pa intaneti kapena kulembetsa makina. Dandauloli ndi loona, koma mankhwala ake ali m'manja mwa odandaulawo. Funso limene lafunsidwa kale m'makoleji a dziko lonse lapansi lili ndi yankho lokonzeka, ndipo makina amalipereka m'kamphindi. Zimene mayi wogulitsa tomato pamsika wa Lizulu anamva pa wayilesi Lachiwiri lapitali palibe makina amene akuzidziwa. Wofuna malikisi ayenera kupita yekha kukafunsa. N'zoona kuti kuchonga ntchito zoterezi kumatenga nthawi, makalasi ndi aakulu, ndipo mphunzitsi sangadziwe zilankhulo zonse. Koma ophunzira akhoza kugwira ntchito m'magulu, kupereka zojambulidwa pamodzi ndi chidule cha m'Chingerezi, ndipo aphunzitsi a zilankhulo ali pa koleji pomwepo. Vuto la kuchonga ndi laling'ono poliyerekeza ndi kuchonga mapepala makumi asanu onena chinthu chimodzi chimene palibe analingalira.

Ophunzira amenewa ndiwo adzawerenge chenjezo la madzi osefukira, adzalengeze zotsatira za chisankho, adzafotokoze chifukwa chake mtengo wa feteleza wakwera. Omvera awo adzakhala anthu onga mayi uja wa kuseri kwa khoma. Mtolankhani amene sanaphunzitsidwe kumvetsera anthu amenewa adzawalankhula ngati ana, kapena adzawalankhula m'mawu amene sangawathandize pa tsiku la tsoka.

Chofunika n'chochepa ndipo chikhoza kuyamba teremu ikubwerayi popanda ndalama za boma kapena za mabungwe akunja. Pa phunziro lililonse la zofalitsa nkhani ndi moyo wa anthu, ntchito imodzi ichokere pa kumvetsera wayilesi, kuwerenga nyuzipepala kapena kucheza ndi anthu a m'dera la wophunzirayo. Ilembedwe m'chilankhulo cha anthuwo, ndipo ilandire malikisi ofanana ndi a chimangirizo cha Habermas, pakuti ntchito yopanda malikisi wophunzira amaidziwa kuti ndi yongokometsera. Makolo amene amalipira fizi, akonzi amene amalemba ntchito achinyamatawa, ndi ophunzira eni ake ali ndi ufulu wofunsa akuluakulu a makoleji kuti ntchito imeneyi ili pati pa ndandanda wa chaka chino.