Madzi Akatayika Saoleka, Ngakhale Ukhale ndi Makina

Ana anga, m'mapiri a Pyrenees, kumalire a Spain ndi France, munkakhala mbuzi zakutchire za nyanga zazitali zokhota, zotchedwa bucardo. Alenje anazisaka mibadwomibadwo mpaka zinatsala zowerengeka m'nkhalango ya Ordesa. Pofika 1999 inatsala imodzi yokha, yaikazi, imene anaitcha Celia. Akatswiri anaikola, nadula kachikopa ka kukhutu kwake, nakasunga pozizira kwambiri kuti maselo ake asafe, kenako anaimasula. Mu Januwale 2000 anaipeza itafa, mtengo utaigwera. Mtundu wonse unathera pansi pa mtengo umenewo.

Anthu a sayansi sanagwe mphwayi, pakuti njira anali nayo kale, ija inabala nkhosa yotchedwa Dolly ku Roslin Institute ku Scotland mu 1996. Amatenga dzira la nyama yamoyo n'kuchotsamo kachigawo kapakati kamene kamasunga DNA, ndiye kuti malangizo onse a kakulidwe ndi kaonekedwe ka nyamayo. M'malo mwake amaikamo selo la nyama imene akufuna kuibwereza, n'kulidzidzimutsa ndi magetsi pang'ono kuti liyambe kugawikana. Likasanduka mluza amauika m'chiberekero cha nyama ina kuti iunyamule mpaka kubereka. Njira imeneyi ndiyo imatchedwa cloning. Kuti Dolly abadwe panapita mazira 277.

Ndi maselo a Celia anachita chimodzimodzi. Mwa mbuzi zambiri zimene anaziika miluza, 7 zokha ndi zimene zinatenga bere, ndipo imodzi yokha ndiyo inafika nalo kumapeto. Pa 30 Julaye 2003 anaichita opaleshoni n'kutulutsa kamwana. Dokotala wa nyama Alberto Fernández-Arias anakanyamula m'manja mwake. Kanali kathunthu, miyendo inayi, ubweya wake wonyowa, koma kankalimbana ndi mpweya, lilime lili kunja. Anayesa zonse kuti kapume, osatheka. Patangopita mphindi zochepa kanafa. Atakatumbula anapeza kuti phapo limodzi linali ndi mbali ina yolimba ngati chiwindi, yosalowa mpweya.

Ndikufuna muganizire izi mofatsa. Tiyerekeze kuti kamwanako kanakhala ndi moyo. Kanali kakakazi, kofanana ndi Celia pa chilichonse, ndipo maselo a tonde wa bucardo panalibe amene anawasunga. Kakanakula kokha, n'kukalamba kokha, n'kufa mmene anafera Celia. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka. Sindikunena mwambi umenewu pofuna kunyoza khama la madokotala aja. Iwo anagwira ntchito ndi mtima wonse. Koma anafika mochedwa, ndipo kuchedwako kunachitika zaka zambiri iwo asanabadwe, pamene mfuti zinkalira m'mapirimo anthu ali phee.

Masiku ano nkhaniyi yabukanso ndi mphamvu, ndipo yabwera ndi ndalama zambiri. Kampani ya Colossal Biosciences ya ku Dallas, ku America, imene anayambitsa Ben Lamm ndi katswiri wa ku Harvard George Church mu 2021, ikulonjeza kubwezeretsa njovu yaubweya yotchedwa mammoth, mbalame ya dodo imene inatha pa chilumba cha Mauritius, ndi nyama yotchedwa thylacine ya ku Tasmania imene yomaliza yodziwika inafera m'khola ku Hobart mu 1936. Mu Epulo 2025 inalengeza kuti yadzutsa mtundu wa mimbulu ikuluikulu yotchedwa dire wolf, imene inatha zaka zoposa 10,000 zapitazo. Zithunzi za tiana titatu toyera mbee, Romulus, Remus ndi Khaleesi, zinafalikira dziko lonse.

Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Nyama imene inafa kalekale ilibe selo lamoyo loti ungaike m'dzira. Chimene chimatsala m'mafupa ndi m'mano ndi tizidutswa ta DNA tothyokathyoka. Choncho akatswiri a Colossal anawerenga tizidutswato, natenga maselo a mmbulu wamba umene ulipo lero, nasinthamo malo 20 m'majini 14 kuti tiana tibadwe tatikulu ndiponso toyera, ndipo agalu ndiwo anatinyamula m'mimba. Luso limenelo ndi lalikulu, palibe angakane. Koma chimene chinabadwa ndi mmbulu wamasiku ano wosinthidwa pang'ono, ndipo mkulu wa asayansi a kampaniyo, Beth Shapiro, anavomera zimenezi pambuyo pake. Ndi mammoth zidzakhalanso chimodzimodzi: idzakhala njovu ya ku Asia yokhala ndi ubweya wambiri ndi mafuta otchinga kuzizira.

Apa ndi pamene mtima wanga umawawa kwambiri. Njovu imakhala ndi bere miyezi 22. Njovu za ku Asia nazonso zili pangozi yoti zingathe. Ngati kubala Dolly kunadya mazira 277, ngati mbuzi 6 zinataya bere kuti kamwana ka bucardo kakhale ndi moyo mphindi zochepa, ndi njovu zingati zimene zidzavutike kuti pabadwe kamodzi kaubweya? Njovu ndi nyama yolira maliro. Imaima pambali pa mwana wake wakufa, n'kumamukhudza ndi chitamba, osafuna kuchoka. Amene akulonjeza zozizwitsa ayenera kutiuza poyera kuti mtengo wa chozizwitsacho adzalipira ndani, chifukwa olipirawo sangathe kudzilankhulira.

Ndiye tinene kuti kabadwa ndipo kali ndi moyo. Adzakaphunzitsa ndani kukhala mammoth? Pa nkhani ya kulera, anzathu a ku South Africa anaphunzira ndi misozi. M'nkhalango ya Pilanesberg anasamutsirako tiana ta njovu tamasiye, timene amayi awo anaphedwa ku Kruger pofuna kuchepetsa chiwerengero cha njovu. Tinakula popanda akuluakulu. M'zaka za m'ma 1990 anyamata a njovuwo atatha msinkhu analusa modabwitsa, nayamba kuthamangitsa ndi kupha zipembere, zoposa 40. Mankhwala ake sanali mfuti kapena jakisoni. Mu 1998 anabweretsa njovu zazimuna zikuluzikulu 6 kuchokera ku Kruger, ndipo kupha zipembere kuja kunaleka. Anyamatawo anali ndi magazi a njovu enieni, osasinthidwa ndi munthu, koma mwambo wa njovu analibe. Kumene kuli madzi chilala chikavuta, njira yodutsa pa phiri, nthawi yothawa ndi nthawi yoima nji, zonsezi mwana amazitenga kwa make ndi kwa agogo ake aakazi. Mammoth omaliza anafera pa chilumba cha Wrangel zaka pafupifupi 4,000 zapitazo, ndipo zonse zimene ankadziwa anapita nazo.

Musandimve ngati ndikuti sayansi imeneyi ndi yachabe. Ku America kuli kanyama konga likongwe, ka mapazi akuda, kotchedwa black-footed ferret. Tonse timene tinalipo tinachokera kwa makolo 7 okha, ndipo magazi akayandikana chonchi matenda sachedwa kusesa mtundu wonse. Mwamwayi, maselo a kamodzi kotchedwa Willa, kamene kanafa mu 1988 kosasiya mbewu, anasungidwa ku San Diego. Mu Disembala 2020 kuchokera m'maselo amenewo munabadwa Elizabeth Ann, ndipo mu 2024 mnzake wobadwa mwa njira yomweyo, Antonia, anabereka ana. Magazi atsopano analowa mumtundu umene unali utatsala pang'ono kuzima. Kumeneko ndiye kugwiritsa ntchito nzeru: anzake alipo oti akwerane nawo, tchire lake lilipo, anthu olisamala alipo.

Ku Ol Pejeta, ku Kenya, zinthu zili pakati pa moyo ndi imfa. Chipembere choyera chakumpoto chachimuna chomaliza, Sudan, chinafa mu Malichi 2018. Kwatsala ziwiri zazikazi, Najin ndi mwana wake Fatu, zimene alonda a mfuti amazilondera usana ndi usiku, ndipo zonse ziwiri sizingathe kusunga bere. Akatswiri amatenga mazira a Fatu n'kupita nawo ku Cremona, ku Italy, kumene amawaphatikiza ndi umuna wosungidwa wa zazimuna zimene zinafa kale. Miluza yoposa 30 ili m'malo ozizira, kudikira kuikidwa m'zipembere zakumwera. Ine ndikupemphera kuti mwana abadwe Najin ndi Fatu akadali ndi moyo, kuti adye nawo msipu ndi kuona mmene a mtundu wake amakhalira. Koma kwawo komaliza kutchire kwa zipembere zimenezi kunali ku Garamba, ku Congo, ndipo zinatha kumeneko chifukwa cha nkhondo ndi malonda a nyanga. Malonda amenewo akadalipo mpaka lero.

Choopsa chachikulu pa nkhani yonseyi, ana anga, ndi ulesi umene lonjezo lotere limabala mumtima mwa munthu. Mimbulu ya Colossal itangolengezedwa, nduna yoyang'anira malo ndi nyama zakutchire ku America, Doug Burgum, inayamikira ntchitoyo n'kunena kuti yakwana nthawi yoganiziranso malamulo oteteza nyama zimene zili pangozi. Ndi mmene maganizo oipa amayambira: ngati tingazidzutse, kuzitetezeranji? Munthu wodula nkhalango, wofuna kukumba migodi pamene nyama zimamwera madzi, wogula nyanga, onsewa mawu otere amawakomera m'khutu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Chipembere chimene chikupuma lero ndicho tili nacho. Cha mu labotale ndi lonjezo chabe, ndipo chiyambire 2003 lonjezo limenelo silinabwezeretse mtundu ngakhale umodzi kutchire.

Ife a ku Malawi tinalawako zimenezi. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 dziko lathu linalibe chipembere ndi chimodzi chomwe. Lero zilipo ku Liwonde ndi ku Majete. Zoyamba zinafika ku Liwonde mu 1993, za ku Majete mu 2003, ndipo mu 2019 zinanso 17 zinabwera pa ndege. Palibe makina amene anazidzutsa. Zinabwerera chifukwa ku South Africa kunali anthu amene anasunga zawo pamene ife tinkamaliza zathu. Akanakhala kuti nawonso analekerera, tikanapempha kwa yani?

Choncho inu amene muli pasukulu ndipo mitu yanu ikukoka za sayansi, phunzirani luso limeneli mpaka mulidziwe bwino, ndipo muligwiritse ntchito nyama zikadali zambiri: sungani maselo a zazimuna ndi zazikazi zomwe, kuchokera m'magulu osiyanasiyana, osadikira kuti itsale imodzi. Mukamva kuti nyama yakuti yadzutsidwa, funsani kuti inabadwa kuchokera ku selo la yani, amayi angati anataya bere, ikakhala kuti, ndipo chimene chinapha makolo ake chachotsedwa kapena ayi. Inu amene muli kumudzi, pafupi ndi mpanda wa nkhalango, munthu akabwera madzulo ndi ndalama kufunsa za ngaka kapena minyanga, mukanireni ndipo mukanene kwa amfumu ndi kwa alonda a nyama, ngakhale atakhala m'bale wanu wa bere limodzi.