Chipatala n'chaulere kwa amene ali ndi miyendo

Azakhali anga adapitirira zaka 70. Ali ndi BP, mawondo adatupa ndi nyamakazi, ndipo diso limodzi lidachita ng'ala. Mwezi uliwonse amayenera kukaonekera kuchipatala kuti akawayeze ndi kuwapatsa mapiritsi a mwezi wotsatira. Kuchoka pakhomo pawo kukafika pachipatala chaching'ono cha boma, mnyamata wa mphamvu zake amayenda maola awiri, ndipo panjira pali mtsinje umene dzinja likakhwima suwolokeka. Iwo mtunda umenewu sangauthe. Pamafunika kabaza wa njinga yamoto, kupita ndi kubwera, komanso mdzukulu woti ajombe kusukulu n'kukhala kumbuyo kuti aziwagwirira. Tsiku lina adagulitsa nkhuku ziwiri, adalawira m'bandakucha, adakhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka. Atalowa adauzidwa kuti makina oyezera BP alibe mabatire, mankhwala adatha, akagule ku famase. Famaseyo ili paboma. Adabwerera ndi panado m'kapepala. Mwezi wotsatira sadapitenso, ndipo ine ndilibe pakamwa powadzudzulira.

Ndiye wina azivala suti, n'kuima pamsonkhano, n'kumatiuza kuti kuno ku Malawi chithandizo cha kuchipatala n'chaulere. Chaulere kwa yani? Inde, pakhomo la chipatala cha boma salipiritsa. Koma njira yokafika pakhomopo ili ndi mtengo wake, ndipo amene amalipira kwambiri ndi omwe alibe ndalama ndi mphamvu zomwe: nkhalamba, munthu woyendera ndodo, wosaona, mayi wobereka kumsana mwana wa zaka khumi amene sadayendepo chibadwire.

Anthuwa si ochepa ayi. Kalembera wa 2018 adapeza kuti dziko lino lili ndi anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo 84 mwa anthu 100 alionse amakhala kumudzi. Kalembera yemweyo adapeza kuti mwa anthu a zaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi mmodzi mwa khumi alionse ali ndi ulumali wa mtundu wina, ndiye kuti anthu oposa 1.5 miliyoni. Boma lidawawerenga lokha, khomo ndi khomo. Silinganene kuti silikudziwa kuti alipo.

Kwa zaka zambiri Unduna wa Zaumoyo wakhala ukuwerenga kuti munthu ali pafupi ndi chipatala ngati mtunda wake sukupitirira makilomita 8. Muyezo umenewu umaoneka bwino pamapu, muofesi ya ku Capital Hill. Koma mapu sadziwa chitunda. Sadziwa mapiri a ku Neno kapena a ku Misuku, sadziwa matope a ku Makhanga m'boma la Nsanje kumene Shire ndi Ruo akasefukira anthu amasanduka a pachilumba. Makilomita 8 kupita, 8 kubwera, ndi 16. Amene adalemba nambala imeneyi ayese kuiyenda ndi mwendo umodzi, ali ndi malungo, m'mwezi wa February. Ndipo kumbukirani kuti pali Amalawi ambirimbiri amene ngakhale makilomita 8 omwewo kwa iwo ndi maloto. Namondwe wa Freddy atagwetsa milatho m'chigawo chakummwera mu March 2023, amiyendo adakwera mapiri, adawoloka madzi, adakafika kumisasa kumene kunali mankhwala. Otsala m'mbuyo tonse tikuwadziwa.

M'madera ambiri akumudzi chipatala chapafupi ndi cha mishoni. Zipatala zimenezi, za bungwe la CHAM, zimanyamula pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo chonse cha zaumoyo m'dziko muno, ndipo mayina ngati Nkhoma, Mua, Malamulo, Ekwendeni ndi Embangweni anthu amawatchula mwaulemu, n'chifukwa chake sindikuziponya mwala. Koma kumeneko amalipiritsa. Kuyambira cha m'ma 2006 boma lidayamba kuchita mgwirizano ndi zipatalazi kuti lizilipirira anthu ena, ndipo mgwirizanowo udatsamira pa amayi oyembekezera ndi ana aang'ono. Chinali chinthu chabwino, chidapulumutsa miyoyo. Funso langa n'lakuti, papita zaka zonsezi, zalephereka bwanji kuwonjezera mzere umodzi wonena za agogo ndi anthu aulumali? Mpongozi abereke mwaulere m'chipinda ichi, apongozi ake amene adamuperekeza abwezedwe pawindo la malipiro m'chipinda icho, BP ili pamwamba.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti njira yake tikuidziwa. Tidaichitapo kale, kawiri konse.

Koyamba ndi ana. Kuyambira 2008 alangizi a zaumoyo adapatsidwa mabokosi a mankhwala kuti azichiza ana osakwana zaka zisanu kumidzi yovuta kufikako. M'bokosimo mumakhala LA wa malungo, thanzi ORS wa kutsekula m'mimba, mankhwala a chibayo. Mwana akatentha thupi usiku, kukacha amalandira mankhwala pansi pa mtengo wa m'mudzi momwemo. Amene wam'bereka mwanayo kubwera naye kwa mlangizi nthawi zambiri ndi agogo ake, popeza m'midzi yathu nkhalamba ndizo zikulera ana amasiye ndi ana a omwe adapita ku Joni. Gogoyo mutu ukumuwaza, maso akuchita chidima, miyendo yatupa, koma m'bokosi mulibe chake. Ngakhale kamakina koti amumange pamkono n'kumuuza kuti amayi, magazi anu akuthamanga, kulibe.

Kachiwiri ndi ma ARV. Mu 2004, pamene boma lidayamba kupereka mankhwalawa mwaulere, ankapezeka m'zipatala zikuluzikulu zochepa, ndipo panali akatswiri ena amene ankati dziko losauka ngati lathu silingakwanitse. Tidakwanitsa. Mankhwala adatsika kuchoka kuzipatala zazikulu kufika kuzipatala zazing'ono, anamwino adaphunzitsidwa kuyambitsa odwala, ku Thyolo odwala adapanga magulu oti mmodzi azikatengera anzake, ndipo lero munthu amene akupeza bwino amatha kulandira mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi pakamodzi. Ndimanyadira ntchito imeneyi. Koma taganizani: m'nyumba imodzi, mwana wa zaka 40 ali ndi botolo la miyezi isanu ndi umodzi, mayi ake a zaka 70 akuyenera kukwera kabaza mwezi ndi mwezi kukafuna mapiritsi a BP, otsika mtengo kuposa ma ARV, n'kukapeza atha. Kusiyana kwake kuli pa mwini ndalama. Za HIV zidabwera ndi Global Fund ndi PEPFAR, amene ankafuna malipoti ndi manambala. BP, shuga ndi khunyu zilibe mzungu wozifunsira lipoti, ndiye ife eni dziko tidangozisiya. Chikhalirecho kafukufuku wa boma wa 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse ali ndi BP, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa n'komwe.

Wina asandiuze kuti kumudzi sizingatheke. Ku Neno, boma lokhala kumapiri lija, a Abwenzi Pa Za Umoyo mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo adatenga kiliniki ya ma ARV mu 2015 n'kuitsegulira odwala BP, shuga, mphumu, khunyu ndi matenda a muubongo, tsiku limodzi, pamalo amodzi, m'zipatala zing'onozing'ono za m'bomalo. Nzeru yake siyochokera kumwezi. Papita zaka zambiri chitsanzochi chilipo, m'dziko lathu lomwe lino. Ndipo chichitikireni zija za January 2025, pamene dziko la America lidaimitsa thandizo lake mwadzidzidzi, amene akuyembekezerabe kuti mlendo adzabwera kudzasamala agogo ake akulota masana.

Tiyerekeze kuti munthu wafika pachipatala. Mavuto ake sanathe. Chikuku chimakanirira pamasitepe. Chimbudzi ndi cha dzenje, chonjata, cha munthu wa mawondo abwino. Wosamva amalowa kwa adokotala ndi mwana wake wa zaka khumi ndi ziwiri kuti amumasulire, ndiye mayi afotokoze bwanji matenda a kumaso kwa adokotala kudzera mwa mwana yemweyo? Wosaona amapatsidwa timapepala titatu ta mapiritsi ofanana kukula kwake, n'kuuzidwa kuti malangizo alembedwa pamwambapo. Mtsikana waulumali akapita kusikelo ali woyembekezera amalandiridwa ndi funso lakuti, "Iwenso? Wakupatsa ndani?" ngati kuti ulumali umachotsa umunthu. Kwa okalamba kuli yankho limodzi lotha matenda onse: "Ndi ukalamba umenewo, agogo." Ukalamba si dzina la matenda. Ng'ala imachotsedwa pa opaleshoni yosatha ngakhale ola limodzi, ku Nkhoma akhala akuichita zaka zambiri, koma m'midzi muli anthu amene akhala mumdima zaka zisanu, akutsogoleredwa ndi kamdzukulu kamene kadasiya sukulu chifukwa cha ntchito yomweyo. Ndikudziwa kuti namwino mmodzi amene akuona anthu mazana patsiku, wagona kuchipinda cha amayi usiku wonse, sangakhale ndi mawu okoma nthawi zonse. Mlandu waukulu uli ndi amene adamusiya yekha. Komabe kutopa sikupatsa munthu chilolezo chonyoza.

Zothandizira kuyenda nazo zili m'tauni. Malo ophunzitsa ziwalo a Kachere ali ku Blantyre. Miyendo yochita kupanga imapezeka kuzipatala zazikulu za m'mizinda. Munthu wa ku Chitipa kapena ku Nsanje amene sitiroko yamupha mbali imodzi amangogonekedwa pamphasa, n'kumadikira zilonda za pamsana. Anthu achialubino, amene kalembera wa 2018 adawapeza oposa 134,000, amafunika mafuta oteteza khungu tsiku lililonse, ndipo amene mafutawo sawafika khansa ya pakhungu imawadya ali anyamata.

Pamene chipatala chatalikira, ufiti umayandikira. BP yosayezedwa ikagwetsa munthu kumunda, m'mudzi amati wamenyedwa hamala. Mwana akagwa khunyu amati wina wam'lodza. Gogo amene mutu wayamba kuiwala, akapezeka m'bandakucha akuyendayenda pakhomo la eni, amati ndege yake yagwa. Ndipo woloza chala salozera mnyamata wa zibakera. Mu January 2016 m'mudzi wa Chimbalanga ku Neno, anthu anayi okalamba adaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo atawaganizira kuti ndiwo adatumiza mphenzi imene idapha mtsikana. Timakonda kunena kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Dambo lake ndi limeneli timaliyatsa tokha?

Malamulo ndiye tili nawo odzaza kabati. Mu 2009 tidavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali. Mu 2012 tidakhazikitsa lamulo la zaulumali. Mu 2016 idatuluka ndondomeko ya anthu okalamba. Mu 2024 tidakhazikitsa malamulo awiri atsopano, la anthu aulumali ndi la anthu okalamba. Mabungwe ngati FEDOMA ndi MANEPO adakhetsa thukuta kuti zimenezi zitheke, ndipo ayamikike. Koma azakhali anga sangamwe lamulo m'mawa ndi madzulo. Ku Abuja mu 2001 atsogoleri a mu Africa adalonjeza kuika K15 pa K100 iliyonse ya bajeti ku zaumoyo, ndipo m'zaka zapitazi bajeti yathu yakhala ikuperewera pamlingo umenewu. Akuluakuluwo akadwala amakwera ndege. Ngakhale Kamuzu, dokotala, amene adalamula dziko lino zaka makumi atatu, adakamwalirira m'chipatala cha ku Johannesburg mu 1997. Chizolowezi chake sichinathe mpaka lero.

Inu aphungu, ndili nanu mawu. Thumba la chitukuko cha m'dera, CDF, lidafika pa K200 miliyoni pachaka mu 2024. Makina oyezera BP a mabatire amagulidwa m'mafamase a ku Limbe ndi ku Lilongwe ndi anthu wamba olandira malipiro a pamwezi. Ndani mwa inu adagulira mlangizi aliyense wa m'dera lake amodzi? Bokosi la maliro mumagula msanga, galimoto yonyamula anamfedwa mumatumiza, chifukwa pamaliro pamakhala khamu ndipo dzina lanu limatchulidwa ndi mwambo wonse. Ndipo tsiku la chisankho nkhalamba zomwezi mumazipeza. Palibe phiri lotalika, palibe mtsinje wodzadza. Gogo amanyamulidwa panjinga, amaikidwa kutsogolo kwa mzere, amadindidwa inki pachala. Njira ya kumudzi kwake mumaidziwa bwino lomwe.

Chimene ndikupempha sichifuna nyumba yatsopano kapena mwala wa maziko. Gulu limene limapita kale kumidzi kukachita sikelo ya ana linyamulenso makina a BP, koyezera shuga ndi mankhwala a khunyu, ndipo tsikulo nyakwawa imemeze agogo ndi onse osatha kuyenda. Amene matenda ake akhazikika apatsidwe mankhwala a miyezi itatu, ndipo m'bale wake aloledwe kukamutengera monga amachitira a ma ARV. Mayina awo mafumu ali nawo kale, adawalemba pa Mtukula Pakhomo ndi pa makuponi a feteleza. Adzati alangizi a zaumoyo ntchito yawachulukira, ndipo n'zoona, paja cholinga choti mlangizi mmodzi aziyang'anira anthu 1,000 sichinakwaniritsidwe m'madera ambiri. Ndiye lembani ena. Achinyamata a masatifiketi ali mbwee m'misika kugulitsa mayunitsi.

Nanenso sindili woyera. Ife ana a m'tauni timatumiza kandalama pafoni, n'kumva ngati tagwira ntchito yonse. Masiku ano mapiritsi a azakhali ndimagula kuno n'kupatsira kondakitala wa minibasi. Ndimagula potsatira zimene zidalembedwa m'buku lawo la kuchipatala ulendo womaliza umene adapeza makina akugwira ntchito. Kaya mlingo wake ukadali woyenera, kaya BP idakwera kapena idatsika, palibe wawamanga pamkono chichokereni tsiku limenelo. Bukulo amalisunga m'pepala la pulasitiki la shuga, kumutu kwa mphasa, kuti chiswe chisalidye.