Masese si madzi a pampopi

Kwabuka kamchitidwe kouza amayi ofulula mowa kuti masese awo ndi a matope, azithiramo timankhwala kuti aziyera ngati mowa wa m'botolo. Ine ndikuti ayi, ndipo ndifotokoza.

Masese ndi chimera, ufa ndi madzi. Zimene zimayandama m'chipandamo si zinyalala ayi, ndi ufa womwewo, chakudya chenicheni. N'chifukwa chake munthu akamwa pa dima amabwerera ku khasu atakhuta. Ngakhale a Chibuku, amene ali ndi fakitale yonse, sausungunula kuti uyere. Iwe wogula umangogwedeza paketi n'kumwa.

Zoyeretsera mowa zilipodi, sindikukana. Opanga vinyo kunja amathira choyera cha dzira, jelatini kapena dothi lotchedwa bentonite. Opanga mowa ena amathira isinglass, yochokera ku kathumba ka mpweya ka m'mimba mwa nsomba. Zonsezi zimagwira tinthu toyandama, tiundane, titsikire pansi, monga mmene njere zosinja za cham'mwamba zimatsitsira matope m'ndowa ya madzi. Basi. Sizichotsa poizoni, sizikonza mowa wosasa. Ukazithira mu masese watsitsa mowa wonse pansi, watsala ndi chiyani?

Inu opanga vinyo wa nthochi kapena wa chidede, amene amafunikadi kuyera, mankhwala anu ndi kudikira. Akasiya kuwira, muikeni pozizira milungu iwiri kapena itatu, kenako tsanulani pang'onopang'ono, nsenga zitsale pansi.

Chondiwopsa n'chakuti tayamba kukhulupirira maso. Kachasu amayera mbee ngati madzi, koma ndi angati tawaika m'manda chifukwa cha iye? Methanol, poizoni amene amachititsa khungu ndi kupha, alibe mtundu. Nanga ufa woyera wopanda dzina wogula pamsika, mukudziwa kuti ndi chiyani? Mayi akadwalitsa anthu pa bwalo limodzi, bizinesi yatha, fizi ya ana yathera pomwepo, mlandu uli kwa amfumu. Amene anamulangiza ali phee m'tauni.

Achimwene ndi achemwali a ku Lilongwe, Blantyre ndi ku Joni, ngati mukufunadi kuthandiza, tumizani ndowa zatsopano zokhala ndi zivindikiro, sefa wabwino, ndi migolo imene sinasungepo mafuta kapena mankhwala a mbewu. Ukhondo ndiye tikuufuna. Mtundu wa mowawo tisiyireni.