Ndende Si Sukulu!

Kwaca! Abale, ndani angatiphunzitse ife za ndende? Mu 1959 atsamunda anatsekera Kenneth Kaunda ndi anzace. Tiidziwa ndende. Mnyamata wakuba nkhuku akalowa mu Chimbokaila, aturuka wodziwa kuba ng'ombe!

Lamulo la probation liripo kuyambira 1953. Woweruza akhoza kubweza wolakwa kwao, ndipo ofesala wa Welfare amuyang'anira. Amuyendera pakhomo, alankhula ndi makolo ace, amuthandiza kufuna nchito. Mnyamatayo akaswa pangano, abwerera ku khoti.

Ofesala ameneyu ndiye mlonda wa makomboni athu, ngakhale alibe mfuti kapena unyolo. Nanga bwanji titama apolisi okha? Tifuna Boma lilembe maofesala ambiri, liwapatse magalimoto ndi mafuta, kuti afike ndi kumidzi komwe!