Bowa wakupha wa Mario 2

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwanga. Ena a inu pano muli ndi ndevu kuposa ine, koma kwa ine mukadali ana basi.

Holide yapitayi ndinachita chinthu chomwe mayi a kunyumba akuti sichiyenera bambo wa msinkhu wanga. Mwana wa achemwali anga anandiikira magemu akale a Nintendo pa laputopu, ndipo ndinatha masiku anayi ndikulimbana ndi gemu imodzi yomwe inandikhumudwitsa zaka pafupifupi 30 zapitazo, Super Mario Bros. 2. Ndinkafuna ndione ngati vuto linali gemuyo kapena ubwana wanga.

Amene munakulira pa boma pano m'zaka za m'ma 1990 mukukumbukira momwe tauni inkasinthira nyengo yogulitsa fodya ikafika. Malole odzaza mabelo ankandondozana mu msewu wa M1 kulowera ku Kanengo, ndipo ndalama zikabwera aliyense ankasanduka bwana kwa milungu itatu. Njinga zatsopano, mawailesi, malata. Mu 1996, ine ndili Folomu 1, bambo wina amene anali ndi nyumba yoonetsera mafilimu kufupi ndi msika anagula kamakina komwe tonse tinkangokatchula kuti TV game. Sikanali ka Nintendo kenikeni ayi, kanali kongotsanzira Famicom, ndipo kankabwera ndi makaseti achikasu olembedwa kuti muli magemu zikwizikwi pamene mkatimo munali ochepa chabe obwerezabwereza. TVM inali isanayambe, poti inadzayamba mu 1999, choncho TV kuno ntchito yake inali mafilimu a karate. TV yoonetsa mitundu inali ya mafilimuwo. Ife a magemu anatipatsa ina yakale, yongoonetsa zakuda ndi zoyera, yoyendera batire ya galimoto. TV imeneyi musaiiwale, ibweranso.

Super Mario Bros. yoyamba inatuluka ku Japan mu 1985, ndipo akuluakulu oipanga anali Shigeru Miyamoto ndi Takashi Tezuka. Ife inatipeza patatha zaka 11, popanda kabuku ka malangizo, popanda wotiuza kanthu. Komabe palibe mwana amene anafunsa kuti amasewera bwanji. Lero ndili mphunzitsi ndi pomwe ndikumvetsa chifukwa chake.

Taonani siteji yoyamba ija, 1-1. Mario waima kumanzere, kutsogolo kwake kuli poyera, ndiye umangodziwa wekha kuti ulendo ndi wa kumanja. Kakubwera kachilombo kamodzi kokha, pang'onopang'ono. Ukakagunda wafa, koma wangotaya masekondi ochepa, ndipo ulendo wachiwiri ukudumpha. Kenako ukugunda bokosi la chizindikiro cha funso, mukutuluka bowa. Mwana aliyense amayamba wamuopa bowayo, poti amafananako ndi kachilombo kaja. Koma bowayo amayenda, kutsika pansi, kugunda paipi yobiriwira n'kubwerera kwa iwe, ndipo pamwamba pako pali njerwa zokulepheretsa kumudumpha bwino. Akukukhudza, Mario akukula. Phunziro latha, wadziwa kuti bowa ndi mnzako, ndipo palibe liwu ngakhale limodzi lomwe lalembedwa. Miyamoto mwini wake anafotokozapo kuti malowa anawakonza dala motero. Ine ndalemba masikimu osawerengeka, ndaonerera anzanga ambiri akuphunzitsa, koma chiyambi cha phunziro chokonzedwa bwino chonchi sindinachione kawirikawiri.

Chaka chotsatira bambo uja anabwera ndi kaseti ina kuchokera ku Lilongwe, yolembedwa kuti Mario 2. Tinasonkherana matambala athu. Ine ndinali katswiri wa gulu lathu, ndinkafika dziko la 8, ndiye padi anapatsa ine. Poyamba zonse zinali ngati kale, nyimbo yomweyo, Mario yemweyo. Ndagunda bokosi, bowa watuluka, ndamuthamangira monga ndinaphunzitsidwira. Mario wafa.

M'chipinda monse munangoti zii. Wina anati makina awonongeka. Wina anati kaseti ndi yolodzedwa. Ndinayesanso, chimodzimodzi. Mu gemuyi anaikamo bowa wakupha, wosiyana ndi wabwino uja pa mtundu pang'ono chabe, ndipo pa TV yathu ija kusiyanako kunali kovuta kukuona. Sizinathere pomwepo. Mu gemu yoyamba, ukapeza chipinda chobisika cha mapaipi, unkadumpha maiko angapo kupita kutsogolo, inali mphoto ya mwana wofufuza. Mu iyi, pa siteji 3-1, ukavutikira n'kupeza chipinda chotero, paipi yake imakubweza ku dziko loyamba. Pambali pake anakuikira dzenje, kuti ngati sukufuna kubwerera udziponyemo wekha. Pa 8-1 pali inanso yokubweza ku dziko la 5. Kusewera awiri mosinthana anachotsa, choncho anzako ankangoonerera iwe ukufa. Tinapirira milungu iwiri, kenako tinapempha kuti atibwezere kaseti yakale.

Zomwe sitinkadziwa n'zakuti gemuyi inatuluka ku Japan mu June 1986, chaka chisanathe chitulukireni yoyamba ija, pa makina a Famicom Disk System, ndipo woitsogolera anali Tezuka. Anaipangira anthu amene anamaliza kale yoyamba mpaka kutopa nayo, ndipo pa chikuto chake analembapo kuti ndi ya akatswiri. Masiteji ena anachokera mu VS. Super Mario Bros., ya makina oponyamo ndalama, omwe phindu lake limabwera wosewera akamafa msanga. Itafika ku nthambi ya Nintendo ya ku America, Howard Phillips, amene ankayesa magemu kumeneko, anaona kuti ndi yolanga osati yosangalatsa, ndipo kampaniyo sinaitulutse. Anthu a ku America ndi ku Ulaya anadzaiona mu 1993 mu Super Mario All-Stars, pa dzina lakuti The Lost Levels. Ife a ku Kasungu inatifika kudzera kwa okopera magemu mwakuba, amene anaiika pa kaseti yachikasu, chenjezo lija n'kulisiya ku Japan.

Tsono nditaisewanso ndapeza chiyani? Ndinene chilungamo, muli zina zabwino zomwe ndili mwana sindinazione. Luigi anamupatsa khalidwe lakelake, amadumpha patali kuposa Mario koma amaterereka ngati wavala nsapato zatsopano pa simenti yopolisha, ndipo kumuzolowera n'kosangalatsa. Masiteji a mphepo nawonso ndawakonda. Mphepo imakukankha uli m'malere, koma umaiona ikuwomba, umaiyembekezera, ndipo ukagwa umadziwa kuti wagwa wekha. Kumeneko ndi kuvuta kwabwino. Ine sindidana ndi chinthu chovuta, ndine mphunzitsi wa masamu.

Koma maganizo anga pa gemu yonse sanasinthe, angokhwima. Vuto lake si kuvuta ayi. Vuto lake n'lakuti imatenga zomwe gemu yoyamba inakuphunzitsa ndi chikondi n'kuzisandutsa msampha. Amene sanamvetsere phunziro loyamba, amene amaopabe bowa, ndi amene amapulumuka. Amene anamvetsera ndi amene amafa. Ndipo ngakhale eni ake anaona, chifukwa mu All-Stars bowa wakupha anamusintha maonekedwe kuti azidziwika msanga, n'kulolanso kusunga pomwe wafika. Nanga zoti kuti uone maiko anayi obisika, A mpaka D, uyenera kumaliza gemu yonse maulendo 8? Imeneyo ndi ntchito ya chibalo, ngati kuuza mwana kuti akumbe dzenje la zinyalala lachisanu ndi chitatu pomwe asanu ndi awiri aja sanadzaze.

Tsiku lachitatu la holide, Mario atafa kachikwi, ndinasiya padi n'kukhala phee, chifukwa ndinazindikira kuti wopanga gemuyu ndikumudziwa. Ndinali ine.

Nditangoyamba ntchito, pa sekondale ina yoyendera kumidzi ya boma lomwe lino, ndinkanyadira kuti mayeso anga ndi oopsa. Ana akamatuluka m'kalasi atagwira mitu, ine mtima unkakhala m'malo. Chaka china ndinaphunzitsa Folomu 3 teremu yonse, ndipo triangle iliyonse yomwe ndinkajambula pa bolodi yooneka ngati ili ndi ngodya ya madigiri 90 inalidi nayo. Ana anazolowera kuti ukaona yotero, thamangira kwa Pythagoras. Ndine ndinawazoloweza. Pa mayeso a kumapeto kwa teremu ndinajambula ina yooneka chimodzimodzi, koma ngodya yake sinali 90, ndipo kachizindikiro kaja sindinaikepo. M'funso lina ndinayamba ndi masentimita n'kumalizira mamita mwakachetechete. Anayi okha ndi amene anazindikira, ndipo anayiwo ndi amene ndinkawaganizira polemba pepalalo. Ena 60 ndinawaiwala.

Munali mtsikana wina, mwana wa matenanti pa esiteti ina, amene nyengo yothyola fodya ankabwera m'kalasi zala zili bii ndi utomoni. Sanali m'gulu la anayi aja, koma ankalimbikira kuposa onse, ndipo chitsanzo chilichonse cha pa bolodi chinali m'kope lake. Atalandira pepala lake anabwera ku tebulo langa, anagwada, nati, "Aphunzitsi, ine ndinachita momwe munatiphunzitsira." Ndinamuyankha kuti aziwerenga funso bwinobwino. Teremu yotsatira anasamukira kumbuyo kwa kalasi, ndipo mkono wake sindinauonenso m'mwamba. Pa MSCE masamu sanakhoze. Sindinganene kuti chinali chifukwa cha pepala langa lokha, mavuto kwawo analipo ambiri. Koma mawu ake aja anali oona, ndipo ine ndinawayankha mwachipongwe.

Ndikudziwa zomwe ena a inu muyankhe, poti tinakanganapo kale mu staff room. Mukuti dziko silichenjeza munthu. Mlimi amasamala nazale, kuokera, kuthira feteleza, kuthyola, kusoka, kuyanika m'chigafa, kusankha, kudinda belo, zonse mwa dongosolo, koma akafika ku Chinkhoma mtengo ukhoza kumugwetsa ulesi. Ndiye mwana azolowere msanga kuti kuchita zonse bwino si chitsimikizo. Komanso mukuti mwana amene amangoona chithunzi n'kuthamangira fomula sanamvetse masamu, ndipo funso la msampha ndi lomwe limamuulula. Mfundo yachiwiriyi ndikuivomera. Triangle yopanda chizindikiro iyeneradi kufunsidwa.

Koma kumbukirani momwe amayi athu ankatiphunzitsira bowa weniweni. Mvula ikagwa, tikalowa m'tchire kofuna ndelema ndi utale, iwo ankazula dala woipayo, kumuika pa chikhatho pambali pa wabwino, n'kutionetsa kusiyana kwake, kapena kungotiuza kuti amene simukumudziwa musamukhudze. Sankadikira kuti atiyese pa mbale ya ndiwo. Triangle yonyenga ija malo ake oyamba anali pa bolodi, Lachiwiri m'mawa, pomwe kulakwa sikudula malikisi, ana n'kuseka, n'kuphunzira. Ikatero ibwere pa mayeso, palibe angadandaule. Ine ndinaibisa teremu yonse kuti idzagwire anthu. Ndipo a Tezuka ali ndi powiringula pomwe ine ndilibe. Iwo analemba pa chikuto kuti ndi ya akatswiri, wogula ankasankha yekha. Ana a Folomu 3 aja sanasankhe kanthu, anangopeza kuti mphunzitsi wa masamu pa sukulupo ndi mmodzi.

Ndisanaiwale, ena mwina mukuti, "Koma aphunzitsi, Mario 2 yomwe ife tinasewera sinali yotero." Simukunama. Magemu a dzina limeneli alipo awiri. A ku America atakana ya bowa wakupha, Nintendo inatenga gemu ina ya mu 1987 yotchedwa Yume Kōjō: Doki Doki Panic, yomwe inapangidwa mogwirizana ndi Fuji TV, n'kuchotsamo anthu ake, kuikamo Mario, Luigi, Toad ndi mwana wamkazi wa mfumu uja, n'kuitulutsa mu 1988 ngati Super Mario Bros. 2. Ku Japan inadzafika mu 1992 pa dzina la Super Mario USA. Mu imeneyo ukadumphira chilombo sichifa, umangokwera pamsana pake, ndipo chida chako ndi kuzula ndiwo zamasamba m'nthaka n'kumagenda nazo. Ifenso inatipeza pambuyo pake, ndipo mnzanga wina anaiyang'ana kamphindi nati iye wathawa kuzula mbande ku nazale ya bambo ake, sangalipire ndalama kuti adzazulenso mpiru pa TV. Kumapeto kwake umapeza kuti zonse Mario ankangolota. Nthawi imeneyo tinkaiona ngati mlendo wovala malaya a Mario, koma holide ino ndaisewerako pang'ono ndipo ndaipepesa. Ndi gemu yabwino, ndipo sinamiza munthu. Zilombo zake zina, monga Shy Guy, Birdo ndi Bob-omb, zinakhazikika m'banja la Mario mpaka lero.

Ya bowa wakupha ija sindinaimalize. Ndaima pa dziko la 5, pomwe mphepo ikundiponyabe m'dzenje lomwelomwelo, ndipo laputopu ndaibweza ku ntchito yake yolemba masikimu poti teremu yayandikira. Ngati alipo mwa inu amene anaimalizapo pa kaseti yachikasu, popanda kusunga pomwe wafika, andipeze ku staff room nthawi ya buleki. Fanta ndigula ine, koma abwere ndi mboni.