Diso lopsa ndi laimu limapulumukira pampopi, lisanafike ku Gulupu

Chigwere mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, makomo ambiri a mumzinda wa Blantyre asanduka timafakitale. Mukazungulira ku Nkolokosa mpaka kutulukira ku Zingwangwa mupeza amayi akuphika sopo wamadzi ndi kositiki soda, anyamata akuthira asidi m'mabatire a sola, atsikana a m'masaluni akuwongola tsitsi ndi mankhwala, ndiponso amisiri akukanda simenti ndi kupaka laimu. Ntchito zonsezi zikudyetsa mabanja, koma nzochepa zimene zimagwiridwa munthu atavala magalasi oteteza maso.

Anthu ambiri amaopa asidi, ndipo salakwa. Komabe madokotala a maso amaopa kwambiri gulu la soda, laimu ndi simenti. Asidi akagwera m'diso amaumitsa mnofu wapamwamba, ndipo kuumako kumamutchinga kuti asapitirire mkati. Soda alibe chomuimitsa: amasungunula mnofu ngati mmene amasungunulira mafuta mumphika wa sopo, nalowerera mkati mwa diso m'mphindi zowerengeka. Laimu ndi simenti zili ndi nkhanza inanso, pakuti timibulu take timabisala kunsi kwa chikope cham'mwamba n'kumapitiriza kutentha diso ngakhale munthu atasukusula kumaso.

Apa ndiye pagona nkhani. Munthu wa ku Nkolokosa ali ndi mwayi umene wa ku Nsanje kapena ku Neno alibe, chifukwa chipatala cha maso cha Lions Sight First, chomwe chili pa Gulupu, sichili kutali. Koma kuyandikirako kumanyenga. Ngozi ikachitika, maganizo a aliyense amathamangira kuitana kabaza, wovulalayo atamangidwa kansalu kumaso. Pofika kuchipatala n'kudikira pamzere, mankhwala aja amakhala atamaliza ntchito yawo. Dokotala angathe kuchepetsa ululu ndi kuteteza bala ku tizilombo, koma galasi la diso likachita mbuu, kulibwezeretsa n'kovuta zedi.

Chithandizo choyamba ndi madzi, ndipo chiyenera kuyamba pomwepo. Wovulala agone kapena apendeketse mutu kuti diso lopsalo likhale mmunsi, madzi asayenderere ku diso labwino. Wina atsegule zikope ndi zala zoyera, chifukwa ululu umachititsa munthu kutsinzina mwamphamvu, ndipo azithira madzi pang'onopang'ono osalekeza kwa mphindi zosachepera 20 mpaka 30, wovulalayo akuyendetsa diso uku ndi uku. Mphindi 30 n'zambiri kwa munthu amene akubuula, n'chifukwa chake ambiri amalekeza pa kapu imodzi kapena ziwiri. Osayesa kuthira viniga kapena mandimu pofuna kupha mphamvu ya soda. Kumeneko n'kuwonjezera bala pa bala. Mukatha kutsuka ndiye thamangani kuchipatala, mutanyamula botolo kapena pepala la mankhwalawo. Kumeneko adzapitiriza kutsuka ndi madzi a m'diripu, adzatembenuza chikope kuchotsa timibulu totsalira, nayeza ndi kapepala kapadera ngati mphamvu ya mankhwala yatha.

Chinthu china chimene chimasocheretsa abale n'chakuti diso lopsa kwambiri nthawi zina silifiira ndipo siliwawa kwenikweni. Limayera chifukwa timitsempha ta magazi tafa. Diso loyera pambuyo pa ngozi yotere si chizindikiro cha kuchira.

Tilinso ndi chizolowezi chodonthezera m'maso mkaka wa m'mawere, madzi a shuga kapena a masamba. Kafukufuku amene Paul Courtright ndi anzake anachita ku Chikwawa, yemwe anasindikizidwa mu 1994, anapeza kuti pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu alionse a zilonda za pagalasi la diso anali atayamba wathiramo mankhwala achikuda. Zaka zapita, koma malangizo oterewa akumvekabe m'makwalala mwathu, ngakhale pakati pa anthu opita kusukulu.

Langizo lakuti “tsukani ndi madzi ambiri” ndi lophweka papepala. M'madera amene mipopi ya Blantyre Water Board imatha kukhala youma tsiku lonse, limafuna kukonzekera. Nthawi imene mwathamangira kukapempha madzi kwa aneba ndi yomweyo imene diso likupsa. Madzi alionse oyera ndi abwino kuposa kudikira: a m'chigubu chakumwa, a m'botolo la m'golosale, ngakhale a mumgolo wosambira.

Lamulo la chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito la 1997 limapereka udindo kwa wolemba ntchito kuti ateteze antchito ake. Vuto ndi lakuti dakaboyi wa ganyu ndi mayi wophika sopo kuseri kwa nyumba sapezeka m'kaundula wa oyendera malo a ntchito. Choncho udindo weniweni watsala m'manja mwa amene amakumana nawo tsiku ndi tsiku. Mabungwe ndi mipingo imene imaphunzitsa amayi kupanga sopo iyenera kuika magalasi ndi phunziro la kutsuka diso pa tsiku loyamba la maphunziro. Ogulitsa kositiki soda ndi klorini m'timapepala topanda dzina alembepo chimene chilimo. Ndipo mwini nyumba amene walemba mmisiri wopaka laimu aike pambali chigubu cha malita 20 cha madzi oyera, chosakhudzidwa ndi okanda matope, kufikira ntchito itatha.