Chaja imodzi ikukwanira

Magetsi akangoyaka ku hostelo, tonse timathamangira soketi, ndipo sipalephera wina woyenda khomo ndi khomo kufunafuna chaja yogwirizana ndi chipangizo chake. Vutoli gwero lake ndi malonda. Kampani ikakhala ndi chaja yakeyake, wogula amakhala pa chingwe ngati mbuzi.

Mu 2012 Apple inayamba kugwiritsa ntchito chaja yake yotchedwa Lightning. USB-C, imene makampani ambiri anagwirizana, inatuluka mu 2014, koma iPhone inakakamirabe ku Lightning. Mu 2022 European Union inalamula kuti mafoni atsopano ogulitsidwa kumeneko akhale a USB-C kuyambira Disembala 2024, malaputopu kuyambira Epulo 2026. Inati machaja otayidwa ndi ongosungidwa amafika matani 11,000 pachaka. Apple inadandaula kuti lamuloli lidzapondereza luso latsopano, komabe iPhone 15 ya mu 2023 inabwera ndi USB-C.

Dandaulo la Apple lili ndi mfundo, chifukwa luso limathamanga pamene malamulo amakwawa. Ngakhale zili choncho, ife tikuti andale a ku Brussels anachita bwino. Makampani azipikisana pa mtengo, liwiro ndi batire lokhalitsa, osati potitsekera m'khola.

Kutchalitchi timaphunzira za ukapitawo. Ndalama ya fizi imene makolo amaipeza movutikira, ngakhalenso nthaka imene timatayapo zingwe zakufa, zonse n'za Mulungu. Choncho pogula foni kapena laputopu, ngakhale ya kaunjika, tiziyamba tayang'ana pobayira chaja.